Khungu Linafika ku Ulaya

Mwala woyamba unagwa padenga la malata Annie akusesa phulusa la moto wa maliro. Wachiwiri unaswa zenera la chipinda chomwe mkulu wake Ethel ankagonamo akabwera kumudzi. Annie anaponya tsache pansi n'kuthamangira m'nyumba.

Mchimwene wake Yotam anali kuseri kwa chitseko, mutu utametedwa mbali imodzi. Wometa anali atathawa ndi lumo lake.

"Alipo angati?" anafunsa Annie.

"Suzumira wekha. Mudzi wonse, ndi a kutsidya kwa msewu omwe. Patsogolo pali a Evaristo."

Ethel anali ataikidwa dzulo lake. Anali dokotala wa matenda a pakhungu ndi khansa ku Lusaka, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ankayenda m'midzi ya Sinda, Katete ndi Vubwi kuona zilonda zomwe dzuwa limayambitsa pa anthu achialubino. Chilonda akachikayikira ankadulapo kachidutswa ngati njere ya mapira, n'kuika m'kabotolo kukayeza. Ankajambula zithunzi, ankalemba. BP inamugwetsa mu ofesi, ndipo mtembo wake unabwera kumudzi pamodzi ndi bokosi lachitsulo lokhoma.

Maliro anayenda bwino mpaka pamene anapereka mpata kwa mnzake wa kuntchito, Dokotala Khalil. Anthu ophunzira ali ndi vuto limodzi, akaima pamanda amaiwala kuti sali pamsonkhano. Bamboyo analiradi misozi yeniyeni, koma Chinyanja chake chinali cha m'mabasi a ku Lusaka.

"Ba Ethel banalemba ma paper forty-seven," anatero. "Ma citation yapitilila one thousand three hundred." Ataona kuti anthu angomuyang'ana kukamwa, anayesa kumasulira. "Ndiye kuti khungu ya bantu ba kuno inafika ku Ulaya, ku America, ku India. Madokotala one thousand three hundred baisebenzesa. Na lelo bakali kuisebenzesa!"

Ankatanthauza kuti madokotala akunja amawerenga zomwe Ethel analemba n'kumazitchula m'zolemba zawo. Koma ananena zimenezi m'dera lomwe manda a munthu wachialubino amathiridwa simenti kuopa ofukula mafupa. Madzulo omwewo anakwera galimoto yake, mtima uli mbee kuti walemekeza mnzake.

Evaristo anamva mawu onse ataima kumbuyo. Mwana wake Mercy anali wachialubino. Ethel anamudula kachidutswa pachilonda cha pakhosi, ndipo patatha miyezi isanu mtsikanayo anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Evaristo anagulitsa ng'ombe n'kuthira simenti pamanda. Zaka zitatu anakhala chete, akudziuza kuti watchinjiriza thupi la mwana wake lonse. Tsopano mlendo wa tayi anali atamuuza pagulu kuti khungu linapita kalekale.

"Tulutsani bokosi!" anafuula Evaristo panja. "Tione zomwe mfitiyo inasiya!"

"Tiwapatse," anatero Yotam.

"Ayi."

"Annie, ndi mapepala chabe."

"Ndi moyo wake wonse, achimwene. Ana analibe, nyumba sanamange. Anandiuza ndi pakamwa pake kuti akadzafa, bokosili ndilisunge ine."

"Wafa uja wafa. Ife mawa tikatunga kuti madzi? Chimanga tikagayitsa kwa yani?"

Annie anamuyang'ana m'maso. "Kodi nanunso mukukhulupirira zimenezi?"

Yotam anayang'ana pansi. "Ine ndikudziwa chimodzi. Anthu ankalowa m'tenti mwake ali bwinobwino, n'kutuluka ndi bandeji. Kumene tizidutswa tija tinkapita, iwe unakuona?"

Annie anamumenya mbama. Anamenya mwamuna wa imvi amene anamulera bambo awo atamwalira, ndipo sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Yotam anagwira tsaya. Anatsegula chitseko n'kutuluka manja ali m'mwamba.

"Bambo a Mercy, tiyeni tikhale pansi ngati..."

Mpini wa khasu unamupeza pakamwa. Anagwada, nalavula magazi ndi dzino. Wachiwiri unamugwera pamsana, kenako mapazi a anthu anamudutsa polowa m'nyumba mwake.

Annie anali atagona chafufumimba pabokosi, mikono itakumbatira zogwirira. Anamukoka miyendo, sanasiye. Wina anamuponda zala. Amene anamaliza ntchitoyo anali Caroline, mnzake wa m'chigwirizano cha amayi, amene dzulo lomwelo ankayimba naye nyimbo za maliro. Nayenso anataya mwana wachialubino, Chikondi, ndi chilonda cha pakhutu. Anamugwira Annie pakhosi la bulauzi n'kumumenyetsa mutu kukhoma.

"Munkadya nawo!" anakuwa Caroline. "Shuga uja mkulu wanu ankakubweretserani, mumati ngwa chiyani?"

Bokosi analikokera pabwalo, Evaristo n'kuswa loko ndi nkhwangwa. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, poti ankayembekeza mabotolo, tsitsi, mwina mafupa. Munali mapepala okhaokha, mitokoma yomangidwa bwino, uliwonse dzina la Ethel pamwamba. Gulu likabwera kudzaona mfiti n'kupeza mapepala limakwiya koposa, chifukwa palibe amene amafuna kubwerera kwawo atachita manyazi.

Jackson wa kabaza anatsegula mtokoma umodzi, nakuwa. M'kati mwa Chingerezicho munali zithunzi: makosi, makutu, milomo ya zilonda. Nkhope iliyonse inali ndi mzere wakuda wophimba maso.

"Anawatseka maso!"

"Kuti mizimu isaone njira yobwerera!"

Annie anali atakwawa mpaka pakhomo, magazi akutsika pachipumi. "Ndi lamulo la achipatala!" anafuula. "Amatero kuti munthu asadziwike, asachite manyazi!"

Palibe anamumva. Jackson anapopa petulo m'thanki ya njinga yake yamoto ndi kapaipi, nathira pamulu woyamba. Moto unalilima mpaka masamba a mango anapsa m'munsi. Anthu ankalandizana mitokoma ngati njerwa, Evaristo ndiye ankaponya. Annie anadziponya pamotopo n'kutulutsa mtokoma woyaka, koma wina anamumenya ndodo padzanja, mapepalawo n'kubwerera momwe anachokera. Anakhala pansi, dzanja lili matuza, akulira mokweza. Ankalira ndi ukali, chifukwa anthu amene mkulu wake ankawayendera m'matope a Januwale ndi amene ankamuwotcha.

M'bokosi mutatsala mitokoma inayi yokha, umodzi unatseguka m'manja mwa Evaristo. Mkono wake unaima m'malere.

Khosi lija ankalidziwa. Ankadziwa chilondacho, chifukwa anachitsuka ndi madzi amchere miyezi isanu. Ankadziwanso mkanda wabuluu umene unali pamwamba pake, poti anaugula yekha pamsika wa Katete.

"Ponyani, a Evaristo!" anatero Jackson.

Sanaponye. Anakhala pansi padothi, naika pepalalo pabondo. Ndi chikhadabo cha chala chachikulu anayamba kukanda mzere wakuda uja, pang'onopang'ono, ngati mmene amakandira khadi la mayunitsi. Ankafuna maso a mwana wake. Utotowo sunachoke, koma pepala linabooka. Pabowopo panaoneka chinthu chonyezimira.

Anatembenuza tsamba. Kuseri kwake kunali chithunzi china, chenicheni, cha pepala lolimba, cholumikizidwa ndi kawaya ka sitepula. Mercy anali ataima pafupi ndi tenti atavala chipewa chachikulu, akuseka mano onse panja, maso ali otsegula. Evaristo analibe chithunzi cha mwana wake ngakhale chimodzi. Foni yomwe inali nazo inagwera m'chitsime chaka chomwe Mercy anamwalira.

Kumbuyo kwa chithunzicho kunali zolemba za pamanja, m'Chichewa. Evaristo anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, monga amawerengera Baibulo.

"Mercy, mwana wa a Evaristo. Anavomera yekha. Anati, jambulani adokotala, ena aone msanga. Ndinafika mochedwa, Mercy, undikhululukire."

Pansi pake panali timizere ting'onoting'ono m'magulu a tisanutisanu, tina ta buluu, tina takuda, tina tofiira, todzaza mpaka m'mphepete. Pamwamba pa timizereto Ethel analemba kuti: "Kamzere kalikonse ndi dokotala amene watchula pepala lako. Aphunzira pa iwe."

Pabwalo panangomveka kuthetheka kwa moto. Yotam anali atadzuka, atatsamira mtengo wa mango, atagwira kukamwa ndi malaya.

Caroline anasuzumira paphewa pa Evaristo. Kenako anathamangira kubokosi, natulutsa mitokoma itatu yotsalayo. Kuseri kwa nkhope iliyonse yotsekedwa maso kunali nkhope yotsegula maso, dzina, mudzi, ndi timizere take. Mtsikana wa ku Vubwi atanyamula mbuzi. Bambo wa ku Mkaika ali panjinga. Anatsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kuyambanso.

"Nanga Chikondi wanga?" anafunsa. Anatembenukira kwa Annie. "Amayi, Chikondi wanga ali pati? Adokotala anamujambula, ndinalipo ine. Anamuuza kuti aseke."

Annie anali ndi mawu ambiri oti anene, ena oyenera kunenedwa ndithu. Anangoloza motowo ndi dzanja lake lamatuza.

Amuna aja anayamba kuchoka m'modzim'modzi, aliyense akuyang'ana kwina. Jackson anakankha njinga yake osailiza. Evaristo anakhalabe pomwepo, chithunzi chili pachifuwa.

Caroline anagwada pamphepete pa moto, nayamba kufukula phulusa ndi kamtengo. Kamtengoko katapsa anapitiriza ndi zala. Mapepala anali atatha, ankafumbutuka akangowakhudza. Chomwe chinatsala chinali timawaya ta sitepula, takuda, totentha, tambirimbiri. Sanadziwe kuti ka mwana wake ndi kati, ndiye anatola tonse, kamodzikamodzi, n'kumanga pangodya ya chitenje chake.