Nsanje ya Goliati ndi Diso la Maness

Chigwereni pa njinga yamoto n'kumenyetsa nkhope pamwala, Maness ankaona zinthu ziwiriziwiri. Akamagulitsa mbatatesi pa msika wa Lizulu ankapotozera mutu kumanzere kuti aone bwino. Tsoka lake, kumanzereko kunkakhala Cosmas, wogulitsa anyezi, munthu wosakwatira.

Mwamuna wake wa Maness, Goliati, mtima unkamuwawa.

"Mayi a Tracy, kodi anyeziwo ndi okongola chonchi?"

"Ndi diso, bambo a Tracy. Likukana kutembenuka. Tiyeni kuchipatala."

Goliati atadandaula kwa mnzake Kizito, iye anangomusonkhezera. "Diso lodwala limasankha mwamuna? Mukhazike pakhomo ameneyo."

Goliati anamuletsadi kumsika, n'kuchipatala komwe. Patapita miyezi, Maness akuthira tiyi anaphonya kapu, n'kuwotcha mwana wawo Tracy pamwendo.

Kuchipatala, namwino Janeti akumanga bala la mwanayo anaona mmene Maness ankapotozera mutu, ndipo anapita naye kwa dokotala wa maso. Dokotalayo atawerama pafupi ndi nkhope ya Maness, Goliati ananyanyuka.

"Kuyandikira kotereku ndi kuyeza komweko?"

"Bambo, imani apa muzionere nokha," anatero namwino.

Dokotala anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi m'diso. Atadikira pang'ono, anagwira disolo ndi kachitsulo kopanira, n'kuyesa kulitembenuza. Maness sanatsinzine n'komwe.

"Onani, ndikukoka koma likukana," anatero dokotala. "Likadayenda, tikadati vuto ndi mtsempha woliyendetsa. Apa mnofu wake unapanika pa fupa lomwe linasweka atagwa. Mayiwa amapotoza mutu kuti asamaone ziwiriziwiri."

"Ndiye achira?" anafunsa Goliati, mawu atazilala.

"Tiwatumiza ku opaleshoni kuchipatala chachikulu. Mukadabwera msanga zikadaphweka. Mmene zafikamu, mwina diso silidzabwereratu mwakale."

Atatuluka, Goliati ananyamula Tracy, koma ankalephera kuyang'ana mkazi wake kumaso.

"Kachitsulo kaja kanakupwetekani?" anafunsa motsitsa.

"Sindinamve kanthu," anayankha Maness. "Chandipweteka ine n'choti munadikira chitsulo kuti mundikhulupirire."

Phunziro: Munthu akamaona ziwiriziwiri kapena diso likakana kutembenuka, makamaka atavulala kumutu, fulumirani naye kuchipatala. Musaope kuyeza, dokotala amayamba wathira mankhwala oletsa ululu. Mnzanu akati akudwala, mumvereni nsanje isanakuyankhulireni.