Ng'oma Yonunkha Tchipisi

Loweruka pa 11 Okutobala, nthawi ili cha m'ma 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa jakaranda wachitatu kuchokera pachipata, munandizimira moto.

Ndikunena inu, a Wapampando a komiti ya Chikondwerero cha Mphukira. Sindikuti botolo lofiira lozimitsira moto lija munaligwira ndi manja anu, ayi. Analigwira ndi Mayi Kachiwanda, mayi wachitsikana amene munamupachika chikwangwani m'khosi cholembedwa kuti "Chitetezo". Koma ine ndinakhala mphunzitsi wamkulu zaka makumi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti belu likalira nthawi yolakwika, safunsa belulo. Amafunsa mwini sukulu.

Kanali kamoto chabe. Udzu wodzaza manja awiri ndi timapesi titatu, kamoto koti nkhuku ikhoza kukalumpha osapsa nthenga. Kanayaka lawilawi, utsi tolo, ine nditanyonyomala pambali, ng'oma yanga nditaipendeketsa kuti iothe. Kenako fwaaa! Moto zii. Udzu mbee, nsapato zanga zakuda mbee, nsidze zanga mbee. Ndipo maluwa a jakaranda anayamba kugwera paufa woyerawo limodzilimodzi, mwakachetechete, ngati anthu obwera kudzakhuza maliro.

"Pepani agogo," anatero mayiyo, "moto ndi woletsedwa muno."

Agogo! Dzina langa ndine Hezekiya Chimtolo. Adzukulu ndili nawo asanu ndi anayi, onse ndimawadziwa maina, ndipo iyeyu mulibemo. Koma limenelo ndi dandaulo lina, ndalilemba patsamba lakelake.

Mumzinda wa Lilongwe ndakhalamo nthawi yaitali, ndipo mabodza ake ndimawadziwa. Bodza lake lalikulu ndi la mwezi uno. Chaka chonse umakhala mbuu: fumbi m'maso, fumbi m'mano, fumbi pakolala ya malaya amene wachapa dzulo. Ndiye Seputembala akamapita, Okutobala akamalowa, umadzuka m'mawa wina utavala pepo. Pepo m'misewu, pepo pamadenga a maminibasi, pepo m'ngalande zimene dzulo zimanunkha. Mitengo imene inali gwa ngati yakufa imatulutsa mphukira zofiira psuu, zanthete ngati khutu la khanda. Ukayang'ana m'mwamba umaukhululukira mzindawo zonse. Ukayang'ana pansi umapeza waponda zosatchulika.

Ndipo ukavala chomwecho, mzinda umayamba kuimba. Mtengo uliwonse chikwangwani, khoma lililonse chikwangwani, Loweruka lililonse chikondwerero. Uko alakatuli akukalipira maikolofoni ngati inawalakwira. Uko ojambula ayala zithunzi zawo pansi, azitsinjiza ndi miyala kuti kavuluvulu asapite nazo ku Salima. Uko asungwana ataliatali akuyenda pathabwa atavala zitenje zosokedwa mwakuti telala wake ayenera kukalapa. Uko kwaya, uko magitala, uko masipika aatali ngati nkhokwe, gu gu gu, mpaka m'chifuwa. Fungo la chimanga chootcha, fungo la fumbi lowazidwa madzi, fungo la mafuta odzola a anthu amene asamba kawiri. Musaganize kuti ndikuyamikira. Ndikungofotokoza, kuti mudziwe kuti ndinaliko ndipo maso anga akadali abwino.

Ife munatiitana kuti tidzavine mganda. Ndife Boma la Opuma la ku Kawale. Musachite mantha, boma pankhani ya mganda ndi gulu la ovina basi. Tilipo khumi ndi mmodzi, tonse tinapuma pantchito. Makabudula oyera mbee, malaya oyera mbee, sokosi zofika m'mawondo, mitu nayonso mbee popanda kuichapa. Kutsogolo kumakhala a Filimoni Katsekera, amene anapalasa njinga ya makalata zaka makumi atatu, tsopano ali ndi zaka 79. Pambali pamakhala ine ndi ng'oma. Ndakhala ndikuwaimbira a Katsekera kuyambira tonse tili ndi tsitsi lakuda bii.

Ndili ndi kabuku ka chikuto chakuda momwe ndimalembamo zimene mumandichita chaka ndi chaka. Chaka chatha munatiika pambuyo pa mpikisano wodya mabanzi. Chaka chinacho woulutsa mawu wanu anati, "Tsopano tione magule a makolo athu akalekale," makolowo tili chiimire pomwepo, tikupuma ndi mphuno. Zonsezo ndinapirira. Koma za moto sindipirira.

Mverani ndikuphunzitseni, popeza ndiyo ntchito yanga. Ng'oma si wailesi. Ng'oma ndi chikopa, ndipo chikopa chimakumbukira kuti chinali ng'ombe. Kukazizira chimafooka, kukachita chinyezi chimagona. M'mawa wa tsikulo kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yongobwera kudzanunkhiritsa dothi: kumwamba bii, madontho akuluakulu pha pha pha, kenako yapita. Inatipeza pasiteji ya minibasi, ndipo dzuwa silinatulukenso bwino. Pofika pabwalo panu, ng'oma yanga ukaigogoda inkati bufu, ngati munthu wamenya pilo. Ng'oma yotero amaiwamba. Amaipendeketsa pamoto wa udzu, osayandikitsa, osatalikitsa. Amaisisita ndi chikhatho, amaigogoda ndi chala, amamvetsera. Imati bufu. Imati bu. Kenako imati ndii, ndipo pamenepo yadzuka. Zimenezi ngakhale mbuzi ya ku Dowa imazidziwa. Komiti yanu yokha, ya anthu khumi ndi awiri a mafoni awiriawiri, ndi imene imaitana ng'oma n'kuletsa moto, ngati munthu wouza mlendo kuti akasambe, madzi atawabisa.

Ndinanyamula ng'oma yanga yozizira n'kutuluka pachipata, nsidze zili mbee. Kutsidya kwa msewu kunali chiwaya cha a Layisoni, bambo wonenepa wokazinga tchipisi, amene sindinawaonepo chibadwire. Anandiyang'ana, anayang'ana ng'oma, sanafunse kanthu.

"Madala, ikani kuno, mbali ya nkhuni. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndikuzidziwa izi. Koma isandigwetsere kabichi."

Umo ndi mmene ng'oma ya Boma la Opuma, imene inalirapo pamaso pa anthu a masuti, inawambidwira pakati pa botolo la tsabola ndi beseni la mbatatesi, mafuta akuthethekera pachikopa, utsi ukulowa m'mimba mwake.

Ili pa bu, isanafike pa ndii, ndinamva manja anga.

Ndikunena zoona. Ndinamva manja anga akuimba ng'oma mkati mwa mpanda, ine ndili kunja, manjawo ali pomwe amakhala masiku onse, kumapeto kwa mikono yanga, ali ndi mafuta a tchipisi. Kaimbidwe kanga ndimakadziwa ngati mmene munthu amadziwira kutsokomola kwa mkazi wake. Kankatuluka m'masipika aja aatali ngati nkhokwe. Pamenepo ndinakumbukira mkamwini wa a Katsekera, amene anabwera ndi foni pa zoyeserera zathu mu Julaye n'kumati akujambula za chikumbutso. Chikumbutsocho anachiika pafulashi, kachipangizo kosungira nyimbo. Ndipo anzanga, amene akhala akung'ung'udza kuti ng'oma imavuta m'minibasi pomwe fulashi imakwana m'thumba la malaya, atauzidwa kuti nthawi yakwana, anaipereka kwa woyendetsa makina wanu n'kulowa m'bwalo opanda ine.

Ndinasuzumira pampata wa mpanda. Mzere wonse mbee, malipenga a zikho akulira, fumbi koboo, anthu akuomba m'manja. Kunena mosabisa, zinkakoma, ndipo chimene chinandipweteka n'chimenecho. Ndinaona kuti akangotuluka m'bwalomo bwinobwino, ng'oma yanga ikakhala kuseri kwa chitseko mpaka chiswe chitaitsiriza, ine ndili pambali pake.

Ndime yotsatirayi musaiwerenge mokweza pamsonkhano wanu.

Bondo lakumanzere la a Katsekera linatha kale. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, akavina mphindi zinayi limayamba kuchedwa. Iwo savomera, amati ndi nsapato. Ndiye ine poimba sindiyang'ana anthu, sindiyang'ana kumwamba, ndimayang'ana bondolo. Likayamba kuchedwa, nane ndimachedwetsa dzanja, pang'ono pokha, ngati mpweya umodzi. Mzere wonse umatsata ng'oma, ndipo palibe wotsala, chifukwa onse atsala pamodzi. Oonerera amati, "Taonani akuluakulu, kuvina mwaulemu!" Sindinawauzepo a Katsekera. Iwo sanandifunsepo. Mganda ndi umenewo: ovina amatsata ng'oma, ng'oma nayonso imatsata ovina. Fulashi ilibe maso. Mu Julaye tinavina mphindi zitatu n'kukhala pansi, koma woyendetsa makina wanu anaitchera kuti izingobwereza osapuma. Komanso bondo la mu Julaye si bondo la mu Okutobala.

Ndinaliona pampata paja likuyamba. Mapazi a anzawo agunda pansi, lawo likadali m'mwamba. Kenako likufika mochedwa, kenako mochedwa zedi. Thukuta kamukamu, pankhope kumwetulira kuja kwa munthu amene akumva ululu pagulu. Kutsogolo ena anayamba kuseka, mafoni m'mwamba. Manja anga a mu Julaye, opusawo, anangopitiriza kuthamanga osamuona mnzawo.

Ndinagogoda chikopa ndi chala. Ndii!

Sindikukumbukira mmene ndinaolokera msewu. Akuti minibasi inaima kwii, kondakitala n'kunditchula dzina limene sindilemba pano, lili m'kabuku. A Layisoni anagwira mbali ina ya ng'oma, chisupuni chawo chili kudzanja linalo, tchipisi atazisiya zikupserera. Pachipata Mayi Kachiwanda anatambasula mkono, koma ataona nkhope yanga, yokhala ndi ufa wawo womwe, anaubweza. Tinadutsa pakati pa anthu, fungo la mafuta likutitsogolera, agalu awiri akutitsata. A Layisoni ndi amene analoza woyendetsa makina ndi chisupuni.

"Tazimitsani wailesiyo, achimwene! Mwini wake wafika!"

Chete. Miyendo makumi awiri ili m'malere, yosadziwa kotera.

Ndipo ng'oma yanga ndinaimenya. Osati mwaukali, ngakhale ukali ndinali nawo wokwanira mzinda wonse. Ndinaimenya pomwe phazi la a Katsekera linkatera. Ndinalidikira, linabwera. Ndinalidikira, linabweranso. Mzere wonse unatsika n'kukhala paliwiro la bondo limodzi, madoda khumi akuyenda ngati mitambo ya mvula, pang'onopang'ono, molemera, monyada. Oseka aja anatseka pakamwa. Amayi ena kumbuyo anayamba nthungululu. Dzuwa, limene linajomba tsiku lonse popanda kalata, linasuzumira ng'anii pamakabudula oyera. Mphepo inagwedeza jakaranda wa pamwamba panga, maluwa n'kuyoyoka, ena n'kumamatira pachikopa chifukwa cha mafuta aja. Ndikamenya ankadumpha, ndikamenya ankadumpha, apepo, opepuka, osadziwa kanthu za komiti.

Titatuluka m'bwalo, a Katsekera anakhala patsinde la mtengo, akupuma wefuwefu. Ananunkhiza m'mwamba.

"Aphunzitsi, mumadya tchipisi nokha ife tikuvina?"

Mkamwini wawo atabweretsa kafulashi kaja, anakalandira n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Sungani inu. Kamathamanga ngati kaba nkhuku." Anasisita bondo. "Komanso nsapato izi."

Dzulo ndinadutsanso pamalopo. Mahema mwachotsa, masipika mwachotsa, alakatuli apita kukakalipira maikolofoni zina. Mzinda wayamba kubwerera ku fumbi lake. Koma pansi pa jakaranda wachitatu chizindikiro chikadalipo: kabwalo kakuda bii pakati pa ufa woyera mbee, maluwa ataunjikana mozungulira. Sakuonekanso ngati okhuza maliro. Akuoneka ngati anthu amene afika msanga, akhala pansi, akudikira kuti wina ayatse.

Ng'oma ili kunyumba, ikununkhabe tchipisi. Mayi a kunyumba aitulutsira pakhonde, ndipo amphaka a Kawale yense akuchitirapo misonkhano. Kalata yanu yothokoza ndalandira. Mwatiitananso chaka chamawa, ndipo pamzere wachisanu ndi chiwiri mwalembanso kuti moto ndi woletsedwa. A Katsekera akuti adzavina. Bondo lija lidzakhala litakalamba ndi chaka china, ndipo padziko lonse lapansi wolidikira ndine ndekha.

Choncho ndikufuna yankho lolembedwa ndi losainidwa, jakaranda asanavule. Udzu ndidzabweretsa ndekha. Machesi ndidzabweretsa ndekha. Ndowa ya madzi ndidzaiika pambali, ndipo Mayi Kachiwanda akhoza kudzaima pomwepo ndi botolo lawo ngati akufuna kuphunzira. Funso langa ndi limodzi, a Wapampando: ng'oma yanga ndidzaiwambira pati? Ndiyankheni.