Dzanja la Mkulu wa Yunivesite

Dzanja lomwe linapatsa moni ophunzira zikwizikwi pa masiku olandira madigiri tsopano linangogona pamtsamiro ngati la mwini. Chimugwetsereni sitiroko m'bafa, mkulu wa yunivesite wopumayo sankatha kulikweza, ndipo mawu ankathera pammero.

Mayi wowongola ziwalo pachipatalapo analitenga n'kuliika m'manja mwake.

"Finyani, bambo. Musaope, sindisweka."

Zala zinangoti zii.

"Mukudziwa kuti dzanja ili ndinaligwirapo? Tsiku lolandira digiri, inu mutavala mkanjo wofiira uja."

Mtima wa mkuluyo unadumpha. Ndi iye amene anayambitsa maphunziro a ntchito imeneyi, anzake akumuseka kuti akulota masana.

"Koma tinamaliza mochedwa," mayiyo anapitiriza, akuwongola chala chimodzichimodzi. "Paja munatseka yunivesite chaka chathunthu ophunzira atachita ziwawa. Mng'ono wanga, yemwenso ankaphunzira komweko, sanabwererenso. Anakwatiwa kunyumba komweko, lero akugulitsa makala. Chikhalirecho wanzeru pakhomo pathu anali iyeyo."

Sankadandaula ayi. Ankangocheza monga amachitira ndi wodwala aliyense.

Yankho mkuluyo anali nalo, lomwe analibwereza m'misonkhano zaka zonsezi: akanapanda kutseka, wina akanafa. Lero yankholo analibe nalo ntchito. Ankangofuna kunena kuti pepani, koma pakamwa panatuluka malovu okha, mayiyo n'kumupukuta.

"Tiyesenso, bambo. Finyani."

Anasonkhanitsa mphamvu zake zonse mpaka thukuta kamukamu. Dzanja lomwe linasaina kalata yotseka yunivesite m'kamphindi silinasunthe.