Mathebo Atatu pa Golomoti

Nelson anali makaniko wa pa Golomoti kwa zaka makumi awiri. Maminibasi, njinga zamoto za kabaza, mainjini a zigayo ndi a maboti, zonsezi zinkadutsa m'manja mwake pansi pa mlambe wa kuseri kwa msika. Koma galimoto imene inafika Lachisanu lina la mu Okutobala anali asanaigwirepo chibadwire. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yonyonyomala moti potsika phula mimba yake inachita kukhula pansi. Kumbuyo inkafuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa.

Mwini wake anali Felix, bambo wa ku Lilongwe, ndipo ankathamangira ku Mangochi kumene mchemwali wake amakwatiwa mawa lake. Iye anati vutolo akulidziwa: thebo yafa, kachiwiri m'chaka chimodzi. Thebo ndi chitsulo chopindika ngati chigoba cha nkhono, chimene chimazunguzidwa ndi utsi n'kumapopera mpweya mu injini. M'buti Felix anatulutsa katoni ya mathebo atatu amene msuweni wake anamutumizira kuchokera ku Durban. Onse anali a mtundu wa galimoto yakeyo, ochokera ku fakitale, koma a zaka zosiyana, ndipo panalibe kapepala konena kuti iyi ndi ya liti.

Pofika masana Nelson anali atamasula yakufayo, zala zitapsa. Anayala thumba pansi, n'kundandalika onse anayi. Anawatembenuza, anawayeza ndi chingwe, mpaka anapeza imodzi yofanana ndendende ndi yakufayo. Mtima unakhala pansi. Atatola sipanala anamva mawu kumbuyo kwake.

"Alamu, imeneyo musamange."

Anali a Loveness, mkazi wa malemu mkulu wake, amene ankagulitsa usipa mumsikamo. Anabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Mayiwa anakhalitsa ku Joni ndi ku Durban, ndipo atabwerera ankangonena kuti kumeneko ankagwira ntchito yotsuka. Aliyense, ndi Nelson yemwe, ankayesa kuti ankatsuka mbale za azungu.

Nelson anafotokoza mwaulemu, ngakhale nkhope inali itatentha, kuti wasankha yofanana ndi imene inali m'galimotomo. A Loveness sanatsutse. Anamanga chitenje molimba, anagwada pathumbapo, n'kupempha kiyi wa galimoto. Anatenga thebo yoyamba, analowetsa kiyi kukamwa kwake, n'kugogoda pang'ono kampupuluzi ka m'kati, kozungulira ngati fani. Kanalira mogontha. Anati imeneyo ndi ya galimoto zoyambirira, kampupuluzi kake ndi ka dothi lowotcha ngati la kapu, n'kopepuka koma sikachedwa kuphwanyika ukakakankha. Anagogoda yachiwiri, imene Nelson anasankha, ndipo inalira ngati belu la njinga. Imeneyo inali ya m'badwo wotsatira, ya kampupuluzi ka chitsulo, ya bowo limodzi lolowera utsi. Yachitatu sanaigogode n'komwe. Anangoitembenuza n'kuloza pamene pamalowera utsi. Panali kakhoma pakati, mabowo awiri ngati mphuno.

Kenaka anadzuka, anasuzumira mu boneti, n'kupisa dzanja pa chitsulo chimene thebo imakhalapo.

"Tagwirani apa, alamu."

Nelson anapisa dzanja, ndipo zala zake zinakhudza kakhoma komweko, kogawa bowo pakati. Anali atamasula mabawuti onse pamalopo koma sanakaone, poti maso ake anali pa thebo yakufa ija.

A Loveness anauza Felix kuti imene inafayo siinali ya galimoto yake. Wina anaimanga mokakamiza poona kuti mabawuti akugwirizana, ndipo anamuonetsa paipi yobweza oilo imene inachita kupindidwa kuti ifike. Oilo sankatsika bwino, n'chifukwa chake mathebo ankangofa. Felix anavula magalasi ake akuda n'kufunsa kuti amayi, zimenezi munaziphunzira kuti.

Anayankha akupukuta manja ndi sanza. Anati zaka khumi ndi chimodzi anagwira ntchito pabwalo lina la zitsulo ku Durban, kumene kunkafika mainjini akale ochokera ku Japan. Ntchito yawo inali kutsuka zitsulozo ndi parafini n'kuziika pa mashelefu. Palibe anawaphunzitsa. Koma ukaika chitsulo pa shelefu yolakwika, kasitomala ankabwera nacho akukalipa, ndiye anayamba kuyang'anitsitsa, kugogoda ndi kumvetsera. M'kupita kwa nthawi amakaniko eniake ankabwera kuseri kotsukirako kudzawafunsa monong'ona, kuopa kuti abwana angamve.

Nelson anamanga yachitatuyo a Loveness ataima pambali. Paipi ya oilo ataiwongola inafika yokha pamalo pake, osaikoka. Mayiwa anamuletsa kuliza injini msanga, anati ayambe wathira oilo m'thebomo n'kuzunguza kampupuluzi ndi chala, poti thebo youma imapsa isanapume n'komwe. Nelson, amene sankalola munthu kumuuza zochita pansi pa mlambe wakewo, anachita zonse monga anauzidwira, ndipo anadabwa kuti sizikumuwawa. Ankangowaba ndi diso alamu akewo. Zaka zonsezi ankadya nawo mbale imodzi pa maliro ndi pa maukwati, osadziwa kuti m'mutu umenewo muli zotere.

Injini italira, utsi unatuluka pang'ono n'kutha. Anthu a kabaza amene anaunjikana anaomba m'manja. Felix anafunsa a Loveness chimene angawachitire. Iwo anayang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Zitsulo zake ndazigwira mazanamazana," anatero, "koma galimotoyo sindinaikwerepo."

Anasiyira mnzawo Tereza benchi ya usipa, anasasa chitenje, n'kuwerama kulowa. Mpando wake unali pansi kwambiri moti anaseka okha. Nelson anadzipinda kumbuyo, maondo ali pachibwano. Felix analowera msewu wa ku Mua, ndipo atadutsa mbuzi ndi njinga za makala anaponda mafuta. Galimoto inayamba yachita ngati ikuganiza, kenaka inawakankhira onse m'mipando, kamluzu kowonda kakukwera m'boneti. Milambe inkangodutsa ngati mizati ya mpanda.

Nelson anagwiritsa lamba ndi manja onse awiri. A Loveness anali atatsinzina, mutu atapendekera kutsogolo, akumvetsera. Atatsegula maso anauza Felix kuti theboyo ili bwino, koma akafika ku Mangochi asazimitse injini nthawi yomweyo, ayambe waisiya ipume. Kenaka anamupempha kuti pobwerera apondenso kamodzi.