Palusami wa M'mphepete mwa Miyala

Miyala inali itafiira kale pamene Uelese anatulukira kukhitchini akuimba mluzu. Pesamino sanadzutse mutu. Anapitiriza kupala kokonati.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ine ndadzuka kale. Ena ndiye akudzuka kumene."

Onse awiri anali akamwini pakhomo pa a Leota, kuno kuchilumba cha Savai'i. Pesamino anakwatira mwana wamkulu, Moevao. Uelese anatenga wamng'ono chaka chathachi. Umu wa Lamulungu, chakudya chija chowotcha pa miyala yamoto, unali m'manja mwa Pesamino kuyambira kalekale. Wosonkha moto anali iye. Woyala miyala, iye. Pakhomo pa eni ake, ulemu wake wonse unali pamenepo.

Ndiye kunabwera uyu wophunzira kuphika kuhotela mumzinda wa Apia. Lamulungu lapitalo a Leota anamasula palusami, masamba a koko okulungira mkaka wa kokonati. Analawa. Ananyambita zala.

"Wakulunga ndani uyu?"

"Ndine, bambo," anatero Uelese.

"Eya! Pakhomo pano pabwera manja."

Mawu amenewo anagona m'chifuwa mwa Pesamino sabata yonse ngati chakudya chosapsa.

Tsono lero Uelese anakhala pansi n'kuyamba kusankha masamba. Anthete okhaokha. Ankadula nsonga, n'kuchotsa msempha wapakati.

"Mukasiya izi, achimwene, kukhosi kumayabwa."

"Ukuphunzitsa ine? Ndinayamba kukulunga palusami iwe ukadali ndi mamina."

"Ayi, ndimangocheza."

"Cheza ndi masamba akowo."

Uelese anaseka. Anamanga mapukusi ake mfundo ziwiriziwiri, monga mwa chizolowezi chake, n'kupita kukasamba za kutchalitchi.

Pesamino anatsala yekha. Anayala koko. Anayala nthochi ndi nsomba. Mapukusi ake anawaika pakati, pamene miyala inkathetheka. Anatenga a mfundo ziwiri. Anawayang'ana. Anawakankhira m'mphepete, kumene moto umangodutsa osakhala. Masamba a koko akapanda kupsa amakanda kukhosi ngati waya. Apongozi alawe, tione ngati anyambitenso zala. Anafunditsa masamba a nthochi, nayenso n'kukasamba.

Pochokera kutchalitchi anavundukula umu. Moevao anabwera ndi dengu la abusa, poti banja lililonse limapititsa gawo lake kunyumba kwawo.

"Tenga awa apakatiwa," anatero Pesamino.

"Bambo anena a mfundo ziwiri. Akuti abusa alawe zabwino."

"Onse?"

"Onse. Bwanji, zikukuwawa?"

Pesamino anawaika onse m'dengumo. Dengu linapita.

Mapemphero a masana anali aafupi. Abusa anawerenga vesi, n'kutsokomola. Anakanda pakhosi. Anamwa madzi. Anayamba ulaliki, n'kukandanso. Amayi a kwaya ankagwedezeka mapewa, nkhope atabisa kuseri kwa zokupizira mphepo. Mkazi wa abusa sanaseke. Maso ake anali pa benchi ya a Leota.

Madzulo a Leota anaitana akamwini onse awiri. Awiriwo anakhala pamphasa, mitu yowerama.

"Mudzi wonse wationa lero," anatero mkuluyo. "Abusa takawadyetsa minga."

"Ndine ndinakulunga, bambo," anafulumira Uelese. "Mwina masamba anali okhwima. Mundikhululukire."

Mtima wa Pesamino unadumpha. Zatheka.

A Leota anatukula masamba a nthochi amene anali patsogolo pawo. Pansi pake panali phukusi limodzi limene mayi abusa anabweza. Analimasula ndi chala.

"Masamba ndi anthete. Nsonga zadulidwa. Mchere uli bwino." Anatembenuka pang'onopang'ono. "Koma ndi aawisi. Woyala miyala ndani?"



"Ndine, bambo," anatero Pesamino.

"Ako apsa mpaka kusungunuka. Ndadya awiri. Moto womwewo?"

Pesamino anayang'ana zala zake zakumapazi. Moevao anali pakhomo, thireyi ya tiyi m'manja. Anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, n'kubwerera naye tiyi yemweyo.

"Wokulunga amakulunga," anatero a Leota. "Chakudya chikatuluka chachiwisi timafunsa mwini moto. Mwina watopa, mwana wanga. Upume. Kuyambira Lamulungu likubwerali, miyala ayala Uelese. Iwe uzipala kokonati."

"Bambo, ine miyala sindiidziwa bwino," anatero Uelese.

"Udziwa. Mnzakoyu akuonetsa pamene pamatentha. Amapadziwa bwino kwambiri."

Lamulungu lotsatira Pesamino anakhala pa kampando kopalira, msana kumoto. Kumbuyo kwake miyala inkathetheka. Mluzu unayamba.

"Achimwene, mapukusi anuwa ndiike pati?"

Pesamino anapala kokonati mpaka chitsulo chinakanda chigoba.

"Pakati," anatero. "Onse uike pakati."