Mzere wa Kuseri kwa Tsamba

"Ba Bornwell, nanga Lusaka yonse yasamukira ku Kalikiliki?"

Anali Whyson, dalaivala wa lole yathu. Anayala patebulo panga mapepala operekera katundu. Shopu ya ku Chawama, adiresi Kalikiliki. Ya ku George, Kalikiliki. Ya ku Kanyama, chimodzimodzi. Malole anayi anali atapakira kale sopo ndi mafuta ophikira, koma palibe dalaivala amene ankadziwa kolowera. Ine ndinkadziwa amene walakwa.

Ndinali nditagwira ukalaliki pakampani imeneyo, ku Heavy Industrial Area, zaka zisanu ndi zinayi. Mwiche, kalaliki mnzanga, anali atangotha ziwiri. Tonse tinkakwera minibasi imodzi kuchokera ku Matero, ine ndikusinza, iye atawerama pafoni kuphunzira SQL, njira yofunsira mafunso ku detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta yosunga mayina a makasitomala athu.

Tsiku lina a Wilbroad, bwana wathu, anafunsa kuti ndi mashopu ati amene asiya kuoda sopo. Ine ndinapempha masiku awiri oti ndifufuze m'mafayilo. Mwiche analemba mizere isanu, yankho n'kutuluka tiyi wa bwana asanazizire.

"Uyu mwana ni moto," anatero a Wilbroad.

Ndinaseka nawo, n'kubwerera kumafayilo anga.

Bwana atalengeza kuti akufuna woyang'anira makompyuta, tonse awiri tinalembera. Kumupempha Mwiche kuti andiphunzitse sindikanatha, poti ndine ndinamuonetsa posainira tsiku limene anayamba ntchito. M'malo mwake ndinajambula ndi foni masamba angapo a kabuku kake kobiriwira kolembamo malamulo a SQL, iye atapita kukasamba m'manja.

M'mawa wa tsiku la malole lija, bwana anandituma kusintha adiresi ya shopu ya mayi Christine, imene inali itasamukira ku Kalikiliki. Panali fomu yosavuta yochitira zimenezo, koma ndinafuna kuti Lachisanu, pofunsidwa mafunso a udindowo, ndikanene kuti inenso ndimatha. Mwiche anali atasiya kompyuta yake yotsegula. Ndinakopera lamulo losinthira adiresi monga linalili pachithunzi, n'kudina. Kompyuta inayankha kuti mizere 612 yasinthidwa. Ndinaganiza kuti ndi mmene imayankhira.

Whyson akundiyang'anabe choncho, Mwiche analowa, n'kuwerenga pepala limodzi lokha. Anakhala pakompyuta yake, naona zimene ndinalemba. Kenaka anatsegula kabuku kobiriwira, n'kutembenuza tsamba. Kuseri kwake, pamwamba penipeni, kunali mzere umodzi woyamba ndi WHERE, wouza kompyuta kuti isinthe shopu iti. Popanda mzere umenewo imasintha onse. Ine kuseriko sindinajambuleko.

"Mwangomwa hafu ya mankhwala, ba Bornwell," anatero chapansipansi.

"Ukauza bwana?"

"Choyamba malole ayende."

Anabwezeretsa maadiresi onse kuchokera pa zimene kompyuta inasunga dzulo lake, n'kusintha ya mayi Christine yokha. Ndinaima kumbuyo kwake ndikuyang'ana zala zake, ndipo ndivomere kuti ndinkafunitsitsa zitaphonya pena pake. Sizinaphonye.

A Wilbroad anatulukira makina akusindikiza mapepala atsopano.

"Ni ndani anachita ivi?"

"Vakonzeka, ba bwana," anayankha Mwiche. "Ninasiya kompyuta yotsegula, sinizabwerezanso."

Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanandikalipira, bwenzi ndili ndi womukwiyira.

"Ndine," ndinatero.

Lachisanu sanandiitane. Lolemba dzina la Mwiche linali pachitseko cha kaofesi kozizira kamene ndinkakasirira chiyambire ntchito. Whyson anayamba kunditchula kuti Meya wa Kalikiliki, ndipo dzinalo lidakalipo.

M'mawa wotsatira ndinapeza Mwiche atakhala kale m'minibasi. Malo otsala anali kumbuyo kwake kwenikweni. Sindinamupatse moni. Kondakitala akuitanira anthu, iye anatulutsa foni n'kuyamba phunziro lake. Ndinayang'ana pawindo mpaka titadutsa msika, kenaka maso anga anatsetsereka okha kudutsa paphewa pake.

Sanacheuke. Anangokweza foniyo pang'ono, n'kuipendeketsa chakumanzere, n'kukulitsa zilembo.