Mfutso wa a Gideoni

Galimoto yoyera inaima pakhomo pa Elube tsiku lina masana, fumbi lili koboo, ndipo mayi wina wamagalasi anatsitsa windo n'kufunsa, "Pepani mayi, kwa a Rute ndi pati?"

Kwa a Rute! Sanati kwa a Yeremiya, eni nyumbayo. Sanati kwa amake Tamandani, monga amatchulira anthu aulemu. Anati kwa a Rute, dzina lenilenilo, ngati munthu wofunsa njira ya kuchipatala. Elube analoza ndi mlomo poti manja anali akusadzula nkhwani, koma galimoto itangodutsa anaponya tsamba m'lichero mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika.

Amayi awiriwa anakwatiwa ndi amuna a bere limodzi, ndipo onse anabwera chitengwa m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Mponela kupita ku Ntchisi. Elube ndiye anali wamkulu, mkazi wa a Gideoni, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Rute anabwera m'mbuyo, mkazi wa mng'ono wawo Yeremiya, ndipo pofika pamudzipo sankadziwa n'kufutsa komwe. Masamba ake ankatuluka akuda bii, onunkha utsi. Anamuphunzitsa ndani? Elube. Anamuonetsa kuwiritsa pang'ono chabe, kuyanika pamphasa yoyera, kukulunga zikwatu m'masamba a msuku kuti mfutso ufike chilimwe uli bwinobwino.

Inali nthawi ija matipate atakhazikika, dziko lonse lili pa geni. Wina kaunjika, wina mafuta ophikira a m'timachubu, wina mabatire. A Elifala, amene anapuma ntchito ya mtengatenga, anatsegula kachipinda koimbiramo telefoni pa Mponela, kenako n'kuikamo kompyuta ya intaneti. Anthu ankangoisuzumira pawindo. Koma Rute, ndi Fomu 2 yake ija, analowa. Anatsegulitsa imelo n'kulembera msuweni wake wa mu ofesi ku Lilongwe kuti ali ndi mfutso komanso bowa wouma wa m'nkhalango ya Ntchisi. Msuweniyo anatumizira anzake, anzakewo anzawo. Abale inu, anthu a m'tauni alipo ndi njala ya kwawo! Tsiku lililonse la msika Rute ankakawerenga mauthenga, n'kukweza zikwatu m'minibasi. Zina zinkafika mpaka ku Joni.

Tsono musaganize kuti Elube ankasirira ndalama. Ayi ndithu, fodya wa a Gideoni ankadzaza chigafa, ndipo nyumba yamalata pabanjapo inayamba ndi yawo. Chimene chinamuima pakhosi ndi dzina. Iye chikwatiwire anali Nambewe kwa amuna ake, amake Promise kwa anansi, Mayi Gideoni ku Mvano. Loti Elube analimva komaliza pakamwa pa abusa tsiku laukwati. Ndiye kamtsikana kadzulodzulo, kophunzitsidwa ndi iye, dzina lake lizikatchulidwa ku Lilongwe ndi ku Joni? Nsanje inamudya mayiyu, ndipo sindikubisirani, inamuwondetsa.

"Bambo a Promise," anatero Elube tsiku lina akupita kudimba, "kodi mfutso wa amake Tamandani ukuposa wanga?"

"Ukuposa pati? Uja ndi udzu."

"Nanga magalimoto akuimiranji kumeneko?"

A Gideoni anakhosomola. Nawonso zinkawawawa kuona mng'ono wawo akugwirana chanza ndi anthu amataye. Sabata yomweyo anavala jekete, nakwera matola limodzi ndi akazi awo kupita kwa a Elifala.

M'kachipindamo munali mpando umodzi wa alendo, ndipo anakhalapo ndi a Gideoni. Elube anakhala pansi chapakhomo, miyendo atapinda. Kompyuta inalira ngati mphaka wopondedwa mchira isanalumikizane, kenako a Elifala anaika zala pamabatani.

"Tilembe dzina lanji pa adiresi? Anthu azidzalembera ameneyo."

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Dzina linali pamlomo penipeni. Koma mkazi wolangizidwa bwino angatchule dzina lake lapaubwana pamaso pa amuna ake, mwamuna winanso ali tcheru? Elube anayang'ana pansi.

"Lembani Mayi Gideoni," anatero motsitsa mawu.

"Makinawa safuna mipata pakati pa mawu," anatero a Elifala. "Tingoti gideoni basi, n'chimodzimodzi."

"N'chimodzimodzi," anavomera a Gideoni.

Paja akuluakulu anati manyazi anapha Lambe. Elube anatuluka m'menemo akudziuza kuti palibe kanthu, bola aonetse Rute kuti mwini luso ndani.

Ndipo anagwira ntchito, mayi uja! Chitambe, nkhwani, khwanya, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Mvula itagwa ankakwera phiri ndi dengu kukazula bowa, n'kutsika zidendene zitang'ambika. Akaona Rute wayala mphasa zitatu, iye ankayala zinayi. Akamva kuti Rute wakweza katoni, iye ankafuna thumba. Zikwatu zake zinali zolimba ngati mpira, ndipo amene analawa kamodzi ankaitanitsanso.

Mauthenga anayamba kubwera. Elube kuwerenga ankatha, koma kompyuta ankaiopa, choncho a Elifala ankawerenga mokweza. "Bambo Gideoni, mfutso wanu wandikumbutsa malemu amayi anga." Wina: "A Gideoni, muli ndi manja odala." Winanso wa ku Joni: "Achimwene Gideoni, mwamuna wodziwa kufutsa chonchi sindinamuonepo."

A Gideoni ankangogwedeza mutu pampando paja, nkhope ili ngwee. Bodza sananene, koma sanakanenso. Posakhalitsa anzawo kumsika wa fodya anayamba kuwatcha a Intaneti, iwo n'kumayankha.

Chinamaliza zonse ndi msonkhano wa amayi a Mvano. Abusa, pofuna kulimbikitsa amayi kuti azidzidalira, anaitana munthu wodziwa bizinesi yamakono kuti awalankhule. Munthu wake? A Gideoni. Anaima kutsogolo, Baibulo m'khwapa.

"Amayi, dziko lasintha," anatero. "Musamangokhala manja lende. Ngakhale masamba enieniwa ndi chuma. Ife kwathu tinangoyamba pang'onopang'ono."

Ife! Elube anali pamphasa, mu yunifolomu yake yoyera, akubisa zikhadabo zimene zinada ndi utomoni wa masamba. Amayi anaomba m'manja, ndipo amene anaomba kwambiri, mpaka kanthungululu, anali Rute. Elube ankachitira nsanje Rute, tsopano ankachitiranso nsanje amuna ake enieni, amene ankagona nawo m'nyumba imodzi. Zimenezo ungakauze ndani?

Kuyambira tsiku limenelo mphasa sizinayalidwenso. Chitambe chinakhwimira m'munda, bowa anaolera kuphiri. Elube akadzuka ankasesa, kuphika, n'kukhala pakhonde manja pamasaya.

"Nambewe, mwatani kodi?" anafunsa a Gideoni atabwera ku Mponela ndi nkhope yakugwa. "Anthu akudikira katundu."

"Akudikira wa a Gideoni. A Gideoni ake ndinu."

"Aa, ndiye mawu amenewo?"

"Ndikufuna palembedwe dzina langa."

A Gideoni anavula chipewa n'kukhala pansi. Sanali munthu wankhanza, ndipo anayankhula modekha ngati akuweruza mlandu wa kumpingo. "Taganizani bwino, amake Promise. Dzina la mkazi wa mkulu wa mpingo lizikayenda m'maofesi, amuna osawadziwa azilitchula ngati la mtsikana wa sukulu? Zimenezo n'za kwa Yeremiya. Ine ndimakulemekezani, n'chifukwa chake sindikutchulani dzina."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Mphasa zinakhalabe zopinda kuseri kwa chitseko.

Patapita masabata angapo, Rute anatulukira ndi lichero lopanda kanthu, akuseka monga mwa nthawi zonse. Mkazi ameneyu analibe mtima woipa, vuto lake linali pakamwa. Ankayankhula kaye, kuganiza pambuyo.

"Amayi aakulu, ndamva kuti mwaleka. Anthu anu aja akulembera ine tsopano, koma akuti wanga sukufika pa wa a Gideoni." Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye ndimati, bwanji muzingofutsa inuyo, ine ndizikugulani n'kumatumiza? Simuvutikanso ndi za ku Mponela."

"Uzitumiza m'dzina la yani?"

"La ine, nanga pali linanso?"

Kalanga ine! Elube anaona mdima masanasana. Mfutso wake wadyedwa m'dzina la Gideoni, tsopano ukadyedwe m'dzina la Rute? Anthu a ku Joni azikanyambita zala n'kumati Rute, Rute? Anaimirira, namanga chitenje mwamphamvu ngati wopita kukamenyana.

"Amake Tamandani, mawa ndi tsiku la msika. Undiperekeze kwa a Elifala."

"Mukatani?"

"Ukanditsegulire yanga. Yangayanga."

Rute anaika lichero pansi. Kenako anati, "Alamu akudziwa?"

"Adziwa."

M'mawa mwake anakwera matola, atakhala moyang'anana pamatumba a chimanga. Msewu unali woterera moti pachitunda china onse anatsika kukankha. Atafika, a Elifala anali kalikiliki ndi anthu oimba telefoni, choncho Rute anakhala yekha pakompyuta, poti anali ataphunzira kutayipa ndi zala ziwiri. Elube anakhala pampando wa alendo uja.

Rute anadinadina, kenako anaima. Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere pamudzi paja anaoneka wamanyazi.

"Amayi aakulu, pepani. Kodi dzina lanu ndani?"

Elube anamuyang'ana kuti aone ngati akumuseka. Sankaseka. Zaka zonsezi atunga pachitsime chimodzi, alira maliro amodzi, Elube ndi amene anamugwira msana pobadwa Tamandani, ndipo mkaziyu sankadziwa dzina lake. Akanalidziwira kuti? Panalibe amene akanamuuza.

"Elube," anatero. Linatuluka mokakamira ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri.

"Ndani?"

"Elube!"

Anthu oimba telefoni anacheuka. A Elifala anatsitsa magalasi.

"Elube," anabwereza Rute akutayipa. "Dzina lokoma chonchi munkalisungira chiyani? Ine ndinkayesa ndinu Elizabeti kapena Lusiya."

Analembera anthu onse aja uthenga umodzi wachidule, woti amene ankafutsa mfutso wa a Gideoni ndi uyu, ndipo ofuna alembere kuno. Rute ndiye anatayipa, ngakhale ankadziwa kuti akudzichotsera yekha makasitomala. Elube anaona zimenezo, ndipo zinamunyansa pang'ono kuti tsopano afunika kuthokoza.

Kunyumba Elube anapeza a Gideoni akusoka fodya pachigafa. Anagwada patali pang'ono, mwaulemu wake wonse, n'kuwauza.

"Mwachita zimenezi osandiuza?"

"Ndi pano ndikukuuzani."

A Gideoni anasoka masamba ena angapo. "Walira mvula walira matope," anatero pomaliza. "Anthu akayamba kukutchulani ngati mwana, musadzabwere kwa ine."

Masiku otsatira a Gideoni ankadya osayankhula, ndipo ku Mponela analeka kupitako. Amayi ena a Mvano anayamba kunong'onezana Elube akamadutsa. Iye anayala mphasa zake zonse, nabwerekanso ina. Koma sabata yoyamba kunalibe uthenga. Yachiwiri, zii. A Elifala ankangopukusa mutu iye asanalowe n'komwe, pamene Rute ankatuluka ndi mauthenga ake akumwetulira. Elube anayamba kuganiza kuti mwina anthu aja ankakonda dzina la mwamuna, kuti mwina wadzichotsera ulemu pachabe.

Tsiku lina la msika sanafune n'kupitako komwe kukachipinda kuja. Anaima pa ogulitsa mchere, Rute ali pambali pake akutsutsa mtengo wa usipa. Msika unali thithithi, mawailesi akulira, ogulitsa kaunjika akukuwa. Kenako mawu a mwamuna anamveka kuchokera kutsidya kwa msewu.

"A Elube! A Elube!"

Elube anapitiriza kusankha mchere.

"A Elube, ku Joni akufuna zikwatu! Akuti muyankhe lero!"

Mtima wa Elube unachita kuti thu, ndi kuwawa kuja anakuzolowera. Winanso? Winanso wayamba, ndipo a ku Joni amudziwa kale? Anaika mchere pansi n'kuyamba kumwazamwaza maso mumsikamo, nkhope itakwinyika, kufuna kumuona mkazi wamwayi ameneyo, kuti ngwakuti ndipo wavala chiyani.

Rute anamugwira pamkono. Sankaseka.

"Amayi aakulu," anatero, "akuitana inu."